Mafunso ndi mayankho: Nkhani za ngozi pa TV, ife a ku Zomba tizikhulupirire mpaka pati?

Mvula ikangogwa masiku atatu osakata kuno ku Zomba, mafunso amakhala omwewo. Ndawamva pa depoti, pamsika wa Mpondabwino, pamaliro ku Jali, ngakhale pakhomo panga, pamene mayi a kunyumba akuti tiike MBC ine ndikuti tiike Times. Pano ndasonkhanitsa amene amabwerabwera. Sindine mneneri wa nyumba youlutsira nkhani iliyonse. Ndili mnyamata ndinakhalapo wotumiza nkhani kuchokera kuno kwa zaka zingapo, ndiye ndikudziwako mmene nsima yake imaphikidwira. Pamene ndi maganizo anga chabe, ndanena.

Kodi a pa TV amanama akamanena za namondwe kapena madzi osefukira?

Kawirikawiri sanama. Mlatho umene mwauona utaduka uja unadukadi, ndipo mayi akulira aja sanachite kulembedwa ganyu. Vuto lagona pa zimene simunaonetsedwe. Kamera siuluka yokha. Imakwera galimoto, galimoto imafuna msewu ndi mafuta, ndipo tsiku la ngozi ziwirizi ndi zimene zimayamba kusowa.

Kumbukirani namondwe Freddy mu Malichi 2023. Matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, makamera anafika tsiku lomwelo, Lolemba pa 13, chifukwa Chilobwe ili mu Blantyre momwemo, pafupi ndi masitudiyo. Masiku oyambawo woonera TV akanatha kuganiza kuti Freddy ndi tsoka la Blantyre. Chonsecho ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi inali itakokoloka, misewu itaduka, ndipo zithunzi zakumeneko zinachita kubwera pambuyo. Palibe ananama. Kungoti zimene tinaona Lolemba sinali nkhani yonse.

Ndiye ine ndikamaonera sindiyamba n'kufunsa kuti ndi zoona kapena ayi. Ndimafunsa kuti kamerayi inafika pati, inafika liti, ndipo inakwera galimoto ya ndani.

N'chifukwa chiyani za kuno kwathu zimaoneka mochedwa, mwinanso osaoneka n'komwe?

Zomba inasiya kukhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kanema atafika m'Malawi mu 1999 ndi Television Malawi, anakakhazikika ku Blantyre. Lero MBC TV, Times ndi Mibawa zili ku Blantyre, Zodiak ili ku Lilongwe, Luntha ili ku Balaka. Kuno nyumba zimenezi zimadalira mtolankhani mmodzi kapena awiri, ndipo nthawi zambiri yemweyo ndi wa wailesi, yemweyo wa TV, yemweyonso wa tsamba la Facebook, chida chake chili foni.

Tsono taganizirani mmene boma la Zomba lidakhalira. Si tauni yokha ya patsinde pa phiri iyi. Kummawa kuli chigwa cha nyanja ya Chilwa, kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, kumene Likangala, Domasi ndi Thondwe imakathera ndi madzi onse amene ife a kumtunda tawaona akudutsa. Kuseri kwa phiri kuli Chingale. Mvula ikachuluka, kukafika ku Kachulu ndi ulendo wa njinga yamoto m'matope, ndipo ku Chisi n'kwa bwato. Ya kabaza imatuluka m'thumba la mtolankhani, kubweza kwake mwina mwezi ukatha. Mnyamatayo ali ndi nkhani ziwiri: mtengo wagwera nyumba ku Chinamwali m'mbali mwa msewu wa tala, ndi mabanja ambirimbiri amene akugona m'makalasi kwa Mwambo. Imene ifike pa nkhani za madzulo ndi ya ku Chinamwali.

Za galimoto ya ndani zija zili chonchi. Njira yosavuta yofikira kumudzi ndi kukwera nawo galimoto ya bungwe kapena ya nduna imene ikukagawa ufa. Ukakwera ya eni, umaima pamene eni aima, umalankhula ndi munthu amene eni akuitanira, ndipo pobwerera pamakhala kaenvelopu kamene atolankhani amakatcha chipondamthengo. Sindikuti aliyense amalandira, kapena kuti wolandira amakalemba bodza. Ine ndinakwerapo galimoto zoterezi. Chimene chimachitika n'chakuti nkhani imatembenuka pang'onopang'ono: imasiya kukhala ya anthu amene nyumba zawagwera, imakhala ya amene wabweretsa matumba.

Lero akuti afa anthu akuti, mawa chiwerengero chasintha. Wabodza ndani?

Chiwerengero sichipangidwa mu situdiyo. Chimayambira kumudzi, kwa anyakwawa ndi komiti yoona za ngozi, imene ambiri tidazolowera kuitchula kuti VCPC. Kuchoka apo chimapita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako ku ofesi ya bwanamkubwa, kenako ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Woulutsa nkhani amangowerenga chikalata cha DoDMA. Panjira ponsepo pali foni yothera moto, msewu woduka, ndi munthu wowerengedwa kawiri chifukwa akazi awo anakawanena kukampu pamene achimwene awo anakawanena kupolisi.

Mu Januwale 2015, madzi atasefukira m'maboma 15, Zomba ili momwemo, kunalengezedwa kuti anthu 176 afa. Atawerenganso mtima uli m'malo, lipoti la boma linati omwalira ndi 106, osowa 172. Pa Freddy chiwerengero chinayenda chokwera: 99 tsiku loyamba, 190 m'mawa mwake, 326 pofika Lachinayi, mpaka kudzaima pa 679 omwalira ndi 537 osowa. Ndiye mukamva wina akuti Freddy anapha 679, wina akuti oposa 1,200, onse akunena zoona. Wachiwiriyo waphatikiza osowa aja, amene sanabwererenso.

Kusintha kwa chiwerengero kokha sikundichotsera chikhulupiriro. Chimene chimandichotsera ndi woulutsa amene watchula nambala osanena kuti waitenga kuti, ndipo ndi ya tsiku liti. Samalaninso ndi mawu. "Mabanja" si "anthu". "Okhudzidwa" si "osowa pokhala": pa Freddy okhudzidwa anali oposa 2 miliyoni, pamene othawa m'nyumba zawo anali pafupifupi 659,000. Woulutsa wothamanga amasakaniza ziwirizi, ndipo mawa pamsika mumva kuti anthu 2 miliyoni akugona panja.

MBC ndi ya boma. Tiikhulupirire?

Funso ili lili ndi mbiri yake. MBC inayamba mu 1964, ndipo zaka 30 za chipani chimodzi inali wailesi yokhayo ya m'dziko muno. Makolo athu anakula akudziwa kuti pali zina zimene sizinenedwa pa wailesi. Chizolowezi choyang'ana nkhope ya wolamula sichinathe ndi 1994. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimadandaula za MBC, chikalowa m'boma n'kuiwala zodandaulazo. Oyang'anira zisankho ndi a MISA Malawi, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani, akhala akuzinena zimenezi poyera.

Koma nkhani ya ngozi igaweni patatu. Pali chenjezo, pali chiwerengero, ndiye pali mmene boma lagwirira ntchito. Chenjezo limachokera ku nthambi yoona zanyengo, ndipo ndi limodzi kaya mwalimva pa MBC kaya pa Zodiak. Kukana chenjezo chifukwa lanenedwa pa wailesi ya boma n'kudziluma wekha. Chiwerengero nachonso gwero lake ndi limodzi, DoDMA. Pachitatupo ndi pamene ine ndimasintha tchanelo. Ngati thandizo lachedwa, ngati ufa wasowa kukampu, ngati chenjezo silinafike kumudzi, sindiyembekezera kuti MBC ndi imene iyambe kunena. Mudzaona mdipiti wa galimoto, akuluakulu atavala majombo, ndi mfumu ikuthokoza.

Ndiye kuti zimene si za boma ndi zimene zimanena chilungamo?

Zimafunsa mafunso olimbako, ndipo n'chifukwa chake Zodiak, imene inayamba ngati wailesi mu 2005, inakondedwa msanga kumidzi. Koma nazonso zili ndi pogwirira pake. Zimadya za otsatsa malonda, ndipo kampani imene yapereka matumba 200 a ufa ili ndi chikwangwani chake kumbuyo, ikhoza kutenga nthawi yaitali pa nkhani kuposa kampu yonse imene yalandira ufawo. Zimapikisananso kuti ndani ayambe kutulutsa, makamaka pa Facebook, ndipo wothamanga ndi amene amapunthwa. Eni ake nawo ndi anthu, ali ndi anzawo andale.

Maganizo anga ndi akuti nyumba imene ndimaikhulupirira ndi imene ndinaimvapo ikunena kuti "dzulo tinalakwitsa, zoona zake ndi izi". Zoterezi n'zosowa, kwa boma ndi kwa ena omwe.

Ena amati Freddy anatidzidzimutsa. Kodi TV inachenjeza?

Inachenjeza, ndipo kwa masiku. Freddy anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro a Febuluwale, ndipo dzinalo anam'patsa ndi a zanyengo akumeneko. Anawoloka nyanja yonse ya Indian, anagunda Madagascar pa 21 Febuluwale, analowa m'Mozambique pa 24, anabwereranso kunyanja, n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe la zanyengo la dziko lonse linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene adalembedwapo. A zanyengo athu analankhula pa wailesi ndi pa kanema, ndipo sukulu za m'maboma a kummwera zinatsekedwa iye asanafike. Choncho amene amati sitinauzidwe, ambiri akutanthauza kuti sitinamve zoti tingachite nazo kanthu.

Apa ndi pamene ndikufuna ndichedwepo. Chenjezo linkabwera m'chilankhulo cha mu ofesi, ngakhale likhale m'Chichewa. "Mvula yoposa mamilimita akuti m'maola 24." Agogo a kwa Kuntumanji mamilimita sawayeza, amadziwa madzi a m'mawondo, a m'chiuno ndi a pakhosi. Kenaka malangizo aja tidawazolowera: "samukirani kumalo okwera". Amenewa ndi malangizo a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene Shire amakwera kuchokera pansi. Kwa munthu wa m'mbali mwa Likangala cha ku Mpondabwino ndi olondola. Koma wa ku Chilobwe anali kale pamalo okwera, ndipo imfa inam'dzera kumwamba. Wokhala patsinde pa phiri la Sadzi kapena m'matsitso a ku Chinamwali, ukamuuza kuti apite kokwera, wamuuza kuti akhale pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti ife a ku Zomba tili nalo kale liwu la chinthu chimenechi: napolo. Mu Disembala 1946 napolo anatsika m'phiri lathuli, anakokolola milatho ya m'tauni ndi kupha anthu, ndipo akuluakulu amamusimbabe. Mu Malichi 1991 anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, ndipo chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo lake loyamba la za ngozi, limene ladzalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023. Ophunzira ena amachita manyazi ndi liwuli chifukwa makolo amati napolo ndi chinjoka chimene chikusamuka m'phiri kupita kunyanja. Ine ndimati kaya njoka kaya si njoka, munthu akamva kuti napolo amaona miyala, mitengo ndi matope zikutsika usiku, ndipo amadziwa kuti khwawa si logonapo. Woulutsa akanati "napolo akhoza kutsika, amene muli m'makwawa ndi patsinde pa mapiri chokanipo", akanamveka kuposa mamilimita.

Ndiyeno kuchoka kwake, kupita kuti? Munthu ali ndi mbuzi, chimanga chili m'munda chatsala pang'ono kucha, akuba nawo sagona. Wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma mnansi weniweni amakuuzanso kuti ukagone kusukulu yakuti, mfungulo ili ndi aphunzitsi akulu. Zimenezo TV ya dziko lonse singazinene pa mudzi uliwonse. Ndi ntchito ya wailesi ya m'dera, ya anyakwawa, ndi ya mnyamata wa Red Cross woyenda ndi chimkuzamawu.

Nanga amatichenjeza n'kukhala kuti sikunachitike zoopsa. Si kutiopseza chabe?

Namondwe Chido anabwera mu Disembala 2024, namondwe Jude mu Malichi 2025. Onse anaononga, koma osati ngati Freddy, ndipo ndinamva anthu akuti a zanyengo ayamba kukokomeza. Namondwe alibe njanji. Akhoza kupatuka kapena kufooka atalowa kumtunda, ndipo wolosera amanena zimene zingathe kuchitika, osati lonjezo. Pakadafunda padajiwitsa galu. Kugona kusukulu usiku umodzi n'kubwerera nyumba ili chilili si kuluza.

Pamene ndimawadzudzula a TV ndi apa: namondwe aliyense amam'lengeza ndi ng'oma imodzimodzi, kumbuyo akuonetsa zithunzi za ku Chilobwe za 2023 osalemba kuti ndi zakale. Akatero kawiri katatu, tsiku limene kukubwera chenicheni anthu adzakhala atatopa nazo.

Namondwe akafika magetsi amazima. TV ili ndi ntchito yanji pamenepo?

Kwa amene madzi ali pakhomo, pafupifupi ilibe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, pafupifupi 12 zokha ndi zimene zinali ndi TV, 34 zinali ndi wailesi, ndipo zoposa theka zinali ndi foni. Ochepa a TV aja nawo amaidalira ESCOM. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kukonza kwake kunadutsa chaka. Pa Freddy magetsi anazimanso m'madera ambiri. Wa dishi amadziwa kuti mvula ikalimba chithunzi chimayamba kudukaduka ngakhale magetsi alipo, ndipo dikoda ya Kiliye Kiliye nayo siyendera mabatire a tochi.

Ndiye amaonera ndani? Achibale athu a ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Johannesburg. Amaona pa TV kapena pa Facebook, n'kutiimbira ife amene tili mumdima kutiuza zimene zikuchitika kwathu komwe. Mlongo wanga wa ku Joni anandiimbira akulira kuti wamva kuti Zomba yonse yamira, ine ndili pakhonde ndikukhetsa madzi m'ngalande. Anali ataona madzi a kwina, m'munsi mwake mutalembedwa maboma onse okhudzidwa.

Usiku wa namondwe mnzanu ndi kawailesi ka mabatire kapena ka pafoni ya mabatani. Kuno tili ndi mwayi wa Chanco Community Radio ndi YONECO FM, zimene zimaulutsira mu Zomba momwe muno, ndipo woimba foni akati Likangala wadzadza pamalo pakuti, woulutsayo malowo amawadziwa.

Ndalandira kanema pa WhatsApp ali ndi chizindikiro cha TV yodziwika. Ndi wodalirika?

Chizindikiro mwana wa Fomu 2 akhoza kuchimata pa kanema aliyense. Tiyerekeze kuti mvula ili mkati mwalandira uthenga woti damu la Mulunguzi laphulika, thawani, pamodzi ndi kanema wa madzi akuthamanga. Musanatumize ku gulu la mpingo, pitani pa tsamba lenileni la nyumba imene chizindikiro chake chili pamenepo. Nkhani yaikulu choncho ikakhala yoona, siingasowe pamenepo, ndiponso pa mawailesi. Yang'anani kanemayo bwinobwino: manambala a galimoto ndi a kuno? Anthu akukuwa m'Chichewa, m'Chiyao, kapena m'Chipwitikizi? Makanema a madzi a ku Beira a nthawi ya namondwe Idai mu 2019, ngakhale a mayiko akutali, akhoza kubwerera chaka china atavala dzina la mudzi wanu. Kenaka imbirani munthu amene ali komweko, amene akuona ndi maso, osati amene nayenso wangomva. Kandimverere anakanena zam'maluwa.

Izi sizikutanthauza kuti ngati madzi mukuwaona akukwera mudikire TV itsimikize. Maso anu ndi oyamba. Dziwaninso kuti pali lamulo la 2016 la za pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba kapena kutumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Mphekesera zimanenepa pamene akuluakulu ali chete. Tonse tikukumbukira pa 10 Juni 2024, ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu itasowa. Inasowa m'mawa, dziko linauzidwa masana atapita, mtsogoleri wa dziko analankhula usiku, ndipo zotsalira zake zinapezeka m'mawa mwake ku Chikangawa. Maola onsewo ma TV analibe chonena choposa kubwereza chikalata chimodzi, pamene mafoni anali atateretsa ndege ija m'malo khumi. Mpaka lero anthu ambiri amakhulupirira zimene anamva usiku umenewo kuposa zimene zinadzalembedwa m'malipoti. Woulutsa amene angabwere ola lililonse n'kunena kuti "chatsopano palibe, tafunsa akuti ndi akuti, sanayankhe" amatseka dzenje limene mphekesera zikanalowera.

N'koyenera kuonetsa mitembo ndi ana akulira?

Ine ndimati ayi, ndipo sindinamvepo chifukwa chondikhutiritsa. Pachikhalidwe chathu uthenga wa maliro umayenda ndi mwambo. Amalume amauzidwa, mfumu imauzidwa, ndipo amene ali ndi mtima wofooka amachita kumukhazika pansi. Munthu asadziwire pa Facebook kuti mwana wake wapezeka m'matope. Olimbikira kuonetsa amati zithunzi zoopsa ndi zimene zimabweretsa thandizo. Nyumba yokwiririka mpaka padenga, kapena anyamata akukumba ndi makasu, zimafotokoza mokwanira popanda kuvula munthu ulemu.

Chinanso ndi kamera ya kukampu. Mayi amene wataya zonse akaona kamera amaganiza kuti akakana kulankhula dzina lake lichoka pa mndandanda wa olandira. Sikuti wavomera ndi mtima wonse. Ndinaona mtolankhani wina akuuza mayi wachikulire kuti abwereze kulira chifukwa mawu sanalowe bwino. Anthu a pamudzi paja anaona nawo, ndipo sindikhulupirira kuti anaiwala.

Pa TV tinaona ndalama ndi katundu wambiri waperekedwa, koma kwathu sikunafike kanthu. Zinapita kuti?

Apa ndi pamene chikhulupiriro chimathera, osati usiku wa namondwe. Munthu amakhululuka nambala yolakwika. Chimene sakhululuka ndi kuona chicheke chachikulu ngati chitseko chikuperekedwa ku Lilongwe, iye akugonabe pansi pa pepala la pulasitiki.

Mawu atatu amasokonezedwa: kulonjeza, kupereka ndi kugawa. Dziko lakunja likalengeza ndalama, zambiri sizilowa m'manja mwa boma. Zimadzera m'mabungwe monga WFP, UNICEF ndi Red Cross, ndipo zimatenga nthawi. Katundu akafika ku khonsolo amatsata mndandanda umene unalembedwa masiku oyamba aja, ndipo amayamba ndi a m'makampu. Amene nyumba inagwa koma anakagona kwa achemwali awo m'malo mopita kukampu, kawirikawiri amadumphidwa. Kuba nako kulipo, sitingabise, ndipo maina a abale a olemba amapezeka pa mndandanda.

Kulakwa kwa TV n'kwakuti imajambula tsiku lopereka, osabwereranso. Lipoti la boma linati Freddy anaononga zinthu za ndalama zoposa madola 500 miliyoni a ku America. Nkhani yoti milatho ingati yamangidwanso, mabanja angati anapatsidwa malo atsopano, ndi ya miyezi ndi zaka, ilibe madzi othamanga oti ajambule. Nyumba imene ingapite kwa Mwambo patatha miyezi isanu ndi umodzi, pagalimoto yakeyake, n'kukafunsa anthu omwe aja kuti munalandira chiyani, imeneyo ndi imene ndingaipatse mavoti anga onse.

Bwanji chilala ndi matenda sizichita phokoso ngati namondwe?

Chifukwa chimanga chofota sichithamanga. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo anthu amene anavutika ndi njala anaposa a Freddy, koma simunaone ma TV akuulutsa pompopompo usiku wonse. Kolera imene inayambira ku Machinga, pafupi pomwepa, mu Malichi 2022, inapha anthu oposa 1,700, kuposa Freddy, koma pa TV inkangokhala manambala a tsiku ndi tsiku a unduna wa zaumoyo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono. Kamera imafika tsiku limene mabwato agona pamatope ong'ambika, chifukwa n'zokoma kujambula. Miyezi imene msodzi wa matemba akugulitsa njinga ndi ziwiya, palibe amabwera.

Akanena zolakwika za mudzi wathu, tikadandaule kuti?

Yambani ndi nyumba yomweyo. Lembani kapena imbirani mkonzi wa nkhani, mutchule tsiku, nthawi ya pulogalamu, chimene analakwitsa ndi chimene chili choona. Kutukwana m'munsi mwa positi ya pa Facebook kumaziziritsa mtima koma sikukonza kanthu. Akakuzembani, kuli Media Council of Malawi, imene imaona za khalidwe la atolankhani, komanso MACRA, imene imapereka ziphaso zoulutsira ndipo ili ndi mphamvu yolanga. Dandaulo lochokera kwa agulupu kapena komiti ya m'mudzi limalemera kuposa la munthu mmodzi.

Ngati chimene mukufuna ndi kudziwa kuti khonsolo inalandira matumba angati ndipo anapita kuti, simukusowa kudikira mtolankhani. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo si la atolankhani okha. Mudzayenda maulendo angapo, koma kalata yanu ayenera kuiyankha.

Inuyo kunyumba kwanu mumaika iti?

A zanyengo akangotchula dzina la namondwe, ndimagula mabatire, ndimatchaja mafoni onse, ya mabatani poyamba. Chenjezo ndimalimvera paliponse pamene ndalipeza, MBC kaya Zodiak, ndipo ndimayang'ananso pa tsamba la Facebook la nthambi ya zanyengo kuti ndione mawu awo enieni. Magetsi akazima timatsegula wailesi ya kuno. Za kumudzi kwathu ndimaimbira amalume, amene nyumba yawo ili poti amaona Likangala ali pakhonde, ndipo sindiwafunsa zimene amva. Ndimawafunsa kuti madzi afika pa mtengo wa mango uja kapena ayi. Magetsi akayaka, mayi a kunyumba amaika MBC kuti amve zimene boma lanena, ikatha timapita pa Times kapena pa Zodiak kukamva amene akudandaula, ndipo pamene ziwirizo zasemphana ndimalemba m'kope kuti ndikafunse ku khonsolo Lolemba.